Zimene Ndinawachita Apongozi Anu

Kabudula,
Lilongwe.
16 Okutobala, 2016.

Okondedwa achimwene a Laston,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Hannah ndi ana ku Joni kumeneko. Kuno tiliko, kungoti dzuwa lanyanya, ndipo fumbi la mumsewu wa ku Nsaru likuchita kulowa m'mano. Ndikulemba ndili kumudzi kwa amayi, osati ku Lilongwe, ndipo chifukwa chake muchimva m'munsimu. Mwandiimbira kanayi sabata ino koma sindinayankhe. Sikuti foni inafa ayi. Ndimaiona ikulira, koma nkhaniyi si yokamba mothamangitsana ndi mayunitsi. Kalatayi ndipatsira a Jackson, oyendetsa basi aja, akuti afika kwanuko Lachinayi.

Mwamva kale kuti apongozi anu, a Samson Chikoti, anagona masiku atatu m'chitokosi ndipo atuluka pa belo. Mwamvanso kuti wawachita zimenezi ndine. N'zoona achimwene, ndine. Sizinangochitika mwangozi, ndinazikonza, ndipo ndakhala ndikuzikonza zaka zisanu. Ndikupemphani muwerenge mpaka kumapeto musanaganize zoti mundiyankhe chiyani.

Inu munapita ku Joni mu 2007, ndiye za msonkhano wa mu 2009 munangomva pamwamba, ndipo zambiri tinakubisirani. Mukukumbukira kuti abambo atapuma pa uphunzitsi, alimi a mtedza anawasankha kukhala msungichuma wa kopaletivi, wapampando ali a Chikoti. Mu 2009 momwemo banki inati isanapereke ngongole yogulira makina oswera mtedza, mabuku a ndalama ayambe aunikidwa ndi maodita, anthu aja ntchito yawo ndi kufufuza ngati chuma cha bungwe chayenda bwino. Anabwera awiri kuchokera ku Lilongwe, anakhala sabata imodzi n'kubwerera. Patatha mwezi anatumiza lipoti la masamba makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, lonse m'Chingerezi. Pa msonkhano waukulu wa pachaka eni akewo sanabwere. Amene analinyamula m'manja ndi kulimasulira anthu anali a Chikoti.

Ine ndinalipo, ndili pa holide nditamaliza chaka choyamba kukoleji. Tinakhala m'shedi ya kopaletivi, anthu oposa mazana atatu, ena atakhala pa matumba. Chiganizo chimene chinagwetsa abambo ndinachiloweza ngati vesi, ndipo ndikachitembenuza bwinobwino chinkati: "Sitinathe kupeza umboni wokwanira ndi woyenera wotsimikizira ndalama zina zimene zinatuluka kudzera mu ofesi ya msungichuma." Ndalama zake zinali miliyoni imodzi ndi masauzande mazana asanu ndi atatu. A Chikoti anachiwerenga m'Chingerezi mothamanga, kenako anavula magalasi, n'kunena ndi mawu achisoni kuti, "Abale anga, zikundiwawa, koma akatswiri akuti ndalama zinasowera m'manja mwa msungichuma wathu."

Abambo anaimirira n'kupempha lipotilo. Anawerenga chiganizocho katatu. Munthu wophunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu, mawu aliwonse ankawadziwa, koma sanathe kunena ngati chiganizocho chikuti iwo aba kapena ayi. Anatembenuza masamba kufunafuna pamene afotokoza bwino, koma sanapapeze. Anthu ataona kuti mphunzitsi wawerenga yekha n'kukhala chete, anati wavomera.

Ng'ombe zinayi zija ndi ngolo sanagulitse chifukwa cha matenda monga tinakuuzirani. Anagulitsa kuti abweze ndalama zimene sanadye. Dimba la kudambo linapitanso choncho. Kumpingo anawachotsa pa ukulu wa mpingo n'kuwaimitsa pa mgonero, ndipo mmodzi mwa akulu amene anagamula zimenezo anali a Chikoti omwewo. Patangotha miyezi isanu abambo anagwa pakhonde, mbali yakumanja n'kufa, lilime n'kulemera mpaka lero.

Mu 2011 mutalemba kuti mwapeza mbeta ndipo ndi mwana wa a Chikoti, amayi analira tsiku lonse. Abambo, ndi kulankhula kwawo kovutikira kuja, anatiletsa tonse kukuuzani kanthu. Anati mwana wamkaziyo sanasaine cheke chilichonse. Pa ukwati wanu ine ndi amene ndinkawerenga ndalama za perekaniperekani. Apongozi anu anavina nyimbo zinayi akuponya ndalama zatsopanotsopano, anthu akululutira, abambo atakhala pa mpando kumbali malovu akutsika pa taye. Ndalama zimenezo ndinazitola ndi manja angawa, ndikumwetulira, n'kukupatsani. Tsiku limenelo ndi pamene ndinatsimikiza mumtima kuti bambo ameneyu ndidzamuimika pamaso pa anthu monga anaimikira abambo.

Nditamaliza maphunziro a zowerengera ndalama, ntchito zinapezeka ziwiri. Ndinasiya ya malipiro abwino n'kusankha kakampani kakang'ono ka maodita ka a Wyson Nkhoma, chifukwa dzina limeneli ndi limene linasainidwa pansi pa lipoti lija. Iwo amandidziwa kuti Mayi Mvula, dzina la amuna anga a Caleb, ndipo sanadziwe kuti ndine mwana wa a Simoni Kachiza. Si munthu woipa mtima. Amalipira pa nthawi yake, mwana akadwala amakupatsa tchuthi osafunsa zambiri, ndipo ntchito anandiphunzitsa bwino.

Tsiku lina tikuchokera ku Mpingu pa galimoto yawo, ndinawafunsa ngati mwana wasukulu kuti chiganizo chija cha umboni wosakwanira chimatanthauza chiyani kwenikweni. Anaseka, n'kunena kuti chimenecho amalemba pamene anunkhiza kuti chinachake chawola koma sakufuna kuti wovundukula akhale iwo. Pofuna kundipatsa chitsanzo anatchula kopaletivi ina ya ku Kabudula. Anati kunali mdala wina mphunzitsi, wokhulupirira anthu mopitirira, amene ankasaina macheke osalembedwa kanthu n'kupereka kwa wapampando, ndipo aliyense wamaso akanaona kuti wadya ndalamazo ndi wapampandoyo. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanalembe choncho.

"Ntchito yathu si kugwira akuba, Mayi Mvula," anatero. "Ukalemba dzina la munthu, mawa uli kukhoti. Ife timalemba mosamala, ndipo odziwa kuwerenga amamva."

Nditafunsa kuti odziwa kuwerengawo ndi ndani, anati ndi a kubanki.

Ndinapita kwa Phyllis, mnzanga uja tinkagona chipinda chimodzi kukoleji, amene tsopano amaona za ngongole za alimi kubanki ina m'tauni. Ndinamufunsa mmene amawerengera malipoti athu. Anandionetsa mulu uli pansi pa tebulo lake, ena asanachotsedwe n'komwe mu envulopu. Anati iye amatsegula tsamba lachiwiri, kuona chidindo ndi siginecha, kuwerenga ndime imodzi, basi n'kuika m'faelo. Anati malipoti onsewo amangokhala ngati analemba ndi munthu mmodzi wamantha, ndipo masamba enawo maodita amalembera maloya awo. Akafuna kudziwa ngati kopaletivi ili bwino, amakwera galimoto kukawerenga yekha matumba m'nyumba yosungiramo katundu. Ndiye taonani: odita akuti amalembera banki, banki ikuti odita amalembera maloya, ndipo alimi amene amadulidwa pa mtedza wawo kuti alipire lipotilo sangaliwerenge. Pepala lopanda mwini limenelo ndi limene linatilanda ng'ombe ndi lilime la abambo.

Ndinadikira zaka ziwiri. Mu Julaye chaka chino kopaletivi ya kwathu inabwereranso kwa a Nkhoma, chifukwa banki ya Phyllis inafuna lipoti isanapereke ngongole ya mbewu. Ndinapempha kuti anditume ine, ndinati derali ndimalidziwa. Apa pali chinthu choyamba chimene ndiyenera kuulula. Tisanayambe ntchito iliyonse timasaina fomu yolumbira kuti tilibe ubale kapena chidani ndi akuluakulu a bungwe limene tikukaliunika. Ine ndinali nazo zonse ziwiri, ubale ndi chidani, koma ndinasaina kuti ndilibe. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndikuchita.

Ndinkaopa kuti a Chikoti akandiona adzaimbira foni a Nkhoma n'kundiulula. Koma nditatsika pa kabaza pa ofesi ya kopaletivi, anatuluka manja ali m'mwamba, n'kuuza anthu kuti chaka chino Mulungu wawatumizira mwana wawo. Kuseri anandinong'oneza kuti za ubalezi tisazitchule kwa abwana anga, zingatisokonezere. Madzulo ake anatumiza thumba la mtedza ndi nkhuku ziwiri kwa amayi. Ankaganiza kuti mlamu wa mwana wawo sangawalume. Ine ndinagwada powathokoza.

Mwa nthawi zonse odita amakhala mu ofesi, kusankha mapepala angapo, kuona ngati manambala akugwirizana, n'kuchonga. Mapepala a a Chikoti anali oyera bwino, chilichonse chili ndi lisiti. Ine ndinakopera mayina a alimi onse amene buku linkati analipidwa, n'kulowa nawo m'midzi pa kabaza, kulipira ndi ndalama zanga. Masabata atatu ndinazungulira mpaka kumalire a Nambuma ndi Kasiya. Mayina makumi anayi ndi atatu anali a anthu oti kulibe, kapena oti anasiya kulima mtedza kalekale. A Nabanda a kuseri kwa sukulu, aja ankatigulitsa zitumbuwa, tinawaika m'manda mu 2013, koma buku linkati mu Meyi chaka chino anagulitsa matumba khumi ndi awiri n'kudinda chala. Lole imene kopaletivi inkachita hayala pa mtengo wowirikiza inalembetsedwa m'dzina la apongozi anu aakazi. Zonse pamodzi zinakwana mamiliyoni makumi awiri ndi atatu. Msungichuma wa tsopano ndi mayi Lydia, amasiye aja amaimba m'kwaya ya amayi. Nditawafunsa za macheke, anandiuza mosabisa kuti amasaina asanalembedwe, chifukwa wapampando amati kubanki n'kutali ndipo sangamabwerere siginecha ulendo uliwonse.

Pali chinthu chachiwiri choti ndiulule, ndipo ichi sindinauze munthu aliyense, ngakhale a Caleb. M'chipinda chosungiramo masikelo ndinapeza katoni ya mapepala a mu 2008 ndi 2009, ena atadyedwa ndi chiswe. Sanali m'gulu la ntchito yanga, koma ndinakhala pansi n'kuwaona onse. Macheke akuluakulu onse analembedwa ndi dzanja la a Chikoti, monga a Nkhoma ananenera. Koma pakati pake panali kapepala kamodzi ka dzanja la abambo, kolembedwa bwino ngati pa bolodi: anatenga masauzande makumi atatu ndi asanu, fizi ya Febe, adzabweza akagulitsa fodya. Sindinapeze polembedwa kuti anabweza. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake anakhala chete tsiku lija m'shedi. Sanadye miliyoni, koma ankadziwa za kapepala kameneka, ndipo chikumbumtima chinawatseka pakamwa. Ndiye kuti chaka changa choyamba kukoleji chinalipidwa ndi mtedza wa anthu. Kapepalako ndinakaika m'chikwama changa ndipo kali ndi ine. Ine amene ndakhala ndikudzudzula anzanga kuti salemba zomveka, ichi sindinachilembe paliponse kupatula m'kalata ino. Mundiweruze mmene mungafunire. Koma kunena zoona, chimenechi chinangowonjezera ukali wanga, chifukwa ndikukhulupirira kuti a Chikoti ankakadziwa kapepalako, ndipo ndi kamene kanawalimbitsa mtima kuti abambo sadzayankha.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinalemba lipoti la masamba asanu ndi anayi, ziganizo zifupizifupi, mayina, masiku ndi ndalama zake. A Nkhoma analiwerenga atatseka chitseko, kenako anandiitana. Anayamba n'kundiyamikira kuti pa zaka makumi awiri sanaonepo wantchito wofufuza chotere. Atatero anatenga bolopeni yofiira. Mayina onse anachoka. Lole inasanduka "ntchito zina zimene zinaperekedwa kwa anthu amene angakhale ndi ubale ndi bungwe". A Nabanda ndi anzawo anasanduka "kufooka kwa ndondomeko yolipirira alimi". Pamapeto pake anabwezeretsa chiganizo chija, mawu ake omwe aja osasintha ngakhale limodzi, mpaka ofesi ya msungichuma.

Ndinawauza kuti msungichumayo ndi mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo alimi akamva chiganizo chimenecho adzamugwetsera nyumba. Anayankha kuti iwo sananene kuti mayiyo waba, ndipo mmene anthu angamvere si mlandu wawo. Anati lipoti lomveka kwambiri ndi limene limatsekesa kampani, ndipo ine ndikadzakhala ndi dzina langa pa chitseko ndidzamvetsa. Zambirizo anati azilemba m'kalata ina yapadera yopita kwa akuluakulu a bungwe. Kalata imeneyo amalandira ndi wapampando.

Ndinafunsa Phyllis kuti lipoti lolembedwa choncho likafika pa tebulo lake angatani. Anati la mtundu umenewo amalandira mwezi uliwonse. Amangolembera kopaletivi kuti ikonze zofooka, ngongole n'kutuluka.

Msonkhano waukulu unali Loweruka pa 24 Sepitembala, m'shedi yomwe ija. Ndinauza a Nkhoma kuti ndikupita kukaona makolo, ndiye ndingonyamula lipotilo kuti asawononge mafuta. Ndinapempha amayi kuti tiwatengere abambo kumsonkhanoko, koma anandiyang'ana nthawi yaitali n'kukana. Ndikuganiza kuti anaona kanthu pankhope panga.

Ndikanatha kulankhula poyambirira, koma ndinafuna kuti a Chikoti ayambe ndiwo. Anandikhazika kutsogolo pafupi nawo, atavala suti yawo yotuwa ya kutchalitchi. Anatsegula ndi pemphero lalitali, anafotokoza za mitengo ya mtedza, kenako anatenga lipoti. Anawerenga chiganizo chija m'Chingerezi, anavula magalasi, n'kunena kuti zikuwawawa, koma akatswiri apeza kuti ndalama zasowera kwa msungichuma. Mayi Lydia anatembenuka uku ndi uku ngati atchula munthu wina. Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza.

Ndinaimirira n'kupempha mwaulemu kuti, popeza mmodzi mwa akatswiriwo alipo, aloledwe kuthandiza wapampando kumasulira. Sakanakana pamaso pa anthu. Ndinawauza alimi kuti chiganizocho sichikuti msungichuma waba, sichikutinso sanabe, ndipo chinalembedwa dala kuti chisanene kanthu. Kenako ndinatulutsa masamba anga asanu ndi anayi aja, amene ndinali nditawatembenuza m'Chichewa, n'kuyamba kuitana mayina ngati kaundula wa kusukulu. Ndinkati ndikatchula dzina, ndifunse ngati mwini wake alipo. Palibe ankayankha. Nditafika pa a Nabanda, mwana wawo wamkulu anaimirira chipewa chili m'manja.

"Amayi anga tinaika zaka zitatu zapitazo," anatero. "Chala chimene anadindacho anachitenga kuti, a wapampando?"

Ine sindinathamange. Ndinawerenga mayina onse makumi anayi ndi atatu, nambala ya lole, dzina la mwini wake, ndi tsiku la cheke chilichonse. A Chikoti anayesa kundidula kawiri, akuti mwanayu ali ndi mangawa a kubanja, koma anthu anawauza kuti akhale pansi. Nditamaliza ndinatembenukira kwa iwo n'kuwapatsa pepalalo m'manja.

"Ili ndi la Chichewa, bambo," ndinatero. "Ngati ndalakwitsa penapake, tawerengani nokha muwauze anthu."

Anagwira pepalalo, koma sanaliwerenge. Thukuta linatsika mpaka kunyowetsa kolala. Achimwene, sindikunamizani kuti ndinamva chisoni. Ndinamva kukoma. Ndinawayang'ana mpaka anaweramitsa mutu, ndipo ndinauza anthu kuti chiganizo chomwechi, wowerenga yemweyu, ndi chimene chinagwetsa a Simoni Kachiza mu 2009, ndipo ine ndine mwana wawo. Achinyamata ena anafuna kuwagwira, koma akuluakulu anawatsekera mu ofesi mpaka apolisi atafika.

Tsopano ndikuuzeni mtengo wake, kuti musaganize kuti ndikungodzitama. Lolemba a Nkhoma anandiimitsa ntchito. Sanakalipe. Anangondiikira patsogolo fomu ija ndinasaina, n'kufunsa ngati siginechayo ndi yanga. Anati ndaulula zinsinsi za kasitomala, ndanama polumbira, ndipo akakamizika kukandinenera ku bungwe loyang'anira ntchito yathu. Mwina sindidzaloledwanso kugwira ntchito imeneyi. Potuluka ndinawauza kuti mdala wokhulupirira anthu uja ndi abambo anga, ndipo akafuna kuona chimene chiganizo chawo chosamala chinachita, abwere ku Kabudula adzawapatse moni.

Loya wa apongozi anu akuti umboni wanga ndi wodetsedwa chifukwa ndine wachibale wokhala ndi chidani, ndipo pamenepo sakunama. Mwayi wake ngwakuti alimi eni ake akupita okha kupolisi kukapereka umboni, ndipo manda a a Nabanda sangasamuke. Banki yaimitsa ngongole ya mbewu. Phyllis anandiimbira kuti masamba anga aja anamufika, ndipo ndi lipoti loyamba limene waliwerenga mpaka kumapeto, ndipo chifukwa choti walimva bwino, sangatulutse ngakhale tambala. Mvula ili pafupi, anthu alibe mbewu, ndipo ambiri sanalandire gawo lomaliza la ndalama za mtedza wawo. Dzana pamsika wa Nsaru mayi wina anandiuza pamaso kuti wakubayo ankaba koma mbewu inkabwera, nanga chilungamo changachi adzala? Koma mayi Lydia akugona m'nyumba mwawo, ndipo mbuzi zawo zili m'khola.

Ndipo sindinamalize. Mlandu uli pa 8 Novembala ndipo ndikaima ndekha m'bokosi la mboni, ngakhale andifunse za fomu ija. Ndikufuna lole ija igulitsidwe. Ndalembera akulu a mpingo kuti abambo abwezeretsedwe, dzina lawo liwerengedwe pa guwa Lamulungu m'mawa, anthu onse ali momwemo, monga analiwerengera powachotsa. Ndikufuna a Chikoti adzakhale pa benchi la kumbuyo tsiku limenelo, mbale ya mgonero iwadumphe, amve mmene zimakhalira. Abusa anandiuza kuti kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinawayankha kuti ndinamudikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti apongozi anu aakazi akuimbirani kufuna ndalama za loya. Ndalama ndi zanu ndipo sindingakuletseni, koma musazidutsitse kwa ine kapena kwa amayi monga mumachitira ndi zina. Za mankhwala a abambo muzitumiza kwa a Caleb, chifukwa mwezi uno ine sindilandira kanthu ndipo mapiritsi atsala a masabata awiri. Denga la kukhitchini likufunikanso malata atatu mvula isanagwe.

Amayi akupereka moni. Ine sakundilankhula kwenikweni kuyambira tsiku la msonkhano. Amangondiikira madzi osamba n'kuchoka. Mawu okha amene anandiuza ndi akuti ndawombola mwamuna wawo pogwetsa nyumba ya mwana wawo. A Caleb akupereka moni, nawonso akuti ndikanawauza. Mtendere wanga wayamba sitandade wani ndipo amafunsa kuti amalume a ku Joni adzabwera liti ndi njinga ija.

Mundiperekere moni kwa Patrick ndi Ulemu, muwauze kuti azakhali awo amawakonda, ngakhale tsiku lina adzamva kuti ndi amene anamangitsa agogo awo. Kwa alamu a Hannah sindikudziwa kuti ndinene chiyani. Sanandilakwirepo chilichonse. Abambo atagonekedwa kuchipatala chaka chatha, ndi iwo amene anatumiza bulangete ndi ndalama ya thiransipoti inu musanaganize n'komwe. Muwauze kuti ndapereka moni, ndipo akakana kuulandira musawakakamize. Koma musawauze kuti ndapepesa, chifukwa sindinapepese, ndipo zitati zibwererenso ndingachite chimodzimodzi.

Abambo ndinawafotokozera zonse za m'shedi tsiku lotsatira msonkhano, ndinawawerengeranso masamba asanu ndi anayi aja. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena andigwira dzanja. Anangoyang'ana kumunda, misozi ikutsika mbali imodzi. Masana ano andipeza ndikulemba pakhonde, ndipo atamva kuti kalatayi ndi yanu, analoza bolopeni. Ndawasiyira malo m'munsimu. Alemba ndi dzanja lamanzere, ndipo mzere umodziwo wawatengera nthawi yaitali. Sindinawauze choti alembe, ndipo si chimene ine ndikanafuna kuti alembe, koma sindichifufuta.

Ndine mlongo wanu,
Febe.

Laston mwananga, Hannah umusunge bwino. Abwere pa Khirisimasi, pano ndi kwawo. S. Kachiza.